Nkhata ya Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona chokhala m'khitchini, msana nditatsamiritsa pathumba la chimanga, ndipo khosi linali litauma. Panja amayi a mvano anali akuimbabe, koma mawu anali atasasa, ndipo nyimbo ikatha pankapita kanthawi ina isanayambe. Amuna anali atazungulira chitsa chomwe chinanyeka usiku wonse pansi pa mango. Ena ankawodzera, ena ankanong'onezana za makuponi a feteleza, zoti chaka chino maina atuluka ochepa m'mudzi mwathu. Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, ndipo ngakhale m'bandakucha mpweya unali wofunda.

Womwalirayo anali mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Anatisiya dzulo lake m'mawa, atadwala kuyambira nthawi yokolola.

Ndinalowa m'nyumba. Bokosi linali pabalaza, mipando yonse itatulutsidwa. Mkazi wake, alamu anga, anakhala kumutu kwa bokosilo, miyendo atatambasula. Abale awo, omwe anafika madzulo kuchokera kwawo kumalire a Mzimba, anakhala mowakuta. Amayi a mbali yathu anakhala kukhoma linalo. Pakati panatsala mpata woti munthu n'kudutsa ndi mtolo wa nkhuni osagunda aliyense. Pamaliro a kwathu kuno anthu amakhala mothinana. Mpata umenewo ndinkadziwa chomwe unkatanthauza.

Alamu anandikodola. Nditagwada pafupi anandinong'oneza kuti, "Mulamu, nazale sinamwe dzulo."

Namfedwa sachoka pambali pa mtembo, choncho ndinatenga makheni n'kutsikira kudambo ndekha. Mbande za fodya zinali zitawerama pang'ono, zikudikira mvula yowokerera. Ndinatunga pachitsime n'kuyamba kuthirira bedi ndi bedi. Kwa inu amene simutidziwa, ndifotokozere pomwepa chomwe chinabala mpata uja.

Mlongo wanga anali mlimi wa fodya ngati tonsefe, koma analinso ndi kanyumba koonetsera kanema pa Kaluluma: mabenchi, jenereta, ndi chiguduli chotchinga pakhomo. Mafilimu ambiri anali achikondi, a m'zinenero zomwe anthu athu sazimva. Iye ankaima pambali n'kumamasulira, mawu a mwamuna ndi a mkazi omwe, anthu n'kumafa nalo phwete. Koma pobwera kunyumba ankadandaula. Ankati olemba mafilimuwa ndi amantha, amathetsa nkhani patsiku la ukwati pomwe zinthu zikungoyamba kumene. Ankati waonetsa zimbale zodzadza katoni, koma sanaonepo mkazi akuchapa zofunda za mwamuna wodwala.

Chaka chomwe makuponi anayamba, iye anadwala chifuwa chachikulu. Anaonda mpaka tinkamuwerenga nthiti. Kenako anataya mtima. Anatembenukira kukhoma, mankhwala kukana, phala kukana, n'kumatiuza kuti timusiye apite. Tonse tinkamunyengerera ndi mawu ofatsa, ndipo sizinkathandiza. Alamu okha ndi amene sananyengerere. Ankamukalipira mpaka anthu odutsa pamsewu ankaima. Anamukalipira mpaka anamwa mankhwala, anamukalipira mpaka anadya, ndipo anachira.

Atapeza mphamvu anayamba kulemba nkhani yakeyake ya filimu. Ankatiwerengera m'chigafa tikusoka fodya, iye atakhala pamtondo wogubuduza, akusintha mawu ngati mmene ankachitira ku Kaluluma. Inali nkhani ya mlimi wodwala ndi mkazi wake wa pakamwa. Mawu onse okalipa anali a alamu enieni, sanasinthe ndi limodzi lomwe. Koma mkaziyo akangotha kukalipa, nkhani inkamutsatira panja, n'kuonetsa zomwe ankachita mwamuna wake asakuona. Pamapeto panalibe ukwati kapena nyimbo. Awiriwo ankangokhala m'chigafa akusankha fodya, mwamuna n'kuika tsamba pamulu wolakwika, mkazi n'kumumenya kadzanja osamuyang'ana n'komwe. Alamu ankamvetsera akusoka, n'kumati, "Mulibe ntchito inu," koma sankachoka.

Nkhaniyo anapita nayo kwa mkulu wina wa ku Lilongwe yemwe anali ndi kamera. Mkuluyo anaikonda, koma anati iyenera kukonzedwa. Anati filimu yopanda mdani sigulidwa. Anati palibe angalipire pakhomo kuti akaonere mzimayi akuchapa. Anati chikondi chimafuna nkhope yachitsikana, nyimbo m'mbali mwa damu, ndi diresi loyera pomaliza. Mawu okalipa aja anati ndi amphamvu, asiyidwe onse. Zomwe zinkatsatira mawuwo anazichotsa. M'malo mwake analowetsamo namwino wa mawu okoma, yemwe ankabwera kudzagwira mlimiyo dzanja mkazi wake akatuluka. Pomaliza mkazi uja ankathamangitsidwa pamudzi, mlimi n'kukwatira namwino. Mkaziyo anamupatsanso dzina loti Nankhanza.

Mlongo wanga anakana poyamba, kenako anavomera. Sindimuikira kumbuyo. Ankafunitsitsa kuona dzina lake likudutsa pakanema, ndipo anadziuza yekha kuti anthu adziwa kuti ndi sewero chabe. Koma anajambulira panyumba pake pomwe, m'chigafa chake chomwe. Mayi wosewera Nankhanza anabwereka chitenje cha alamu ndi ndowa yawo. Chimbale chitatuluka, dzina la wolemba linali pamwamba, nyumba inali yodziwika, mawu anali omwe anthu anawamvapo ali pamsewu. Ndani akanakhulupirira kuti ndi sewero chabe?

Mlongo wanga anaionetsa filimuyo kamodzi kokha m'kanyumba kake, osaibwerezanso. Koma zimbale zinali zitafala kale mpaka ku Simlemba ndi ku Njombwa. Kumjigo, kuchigayo, alamu akafika nkhani zinkaduka. Tsiku lina poitana maina a makuponi wina anakuwa kuti Nankhanza, bwalo lonse n'kuseka. Alamu anayenda n'kukalandira kuponi yawo ngati sanamve. Ndipo mlongo wanga atadwalanso chaka chino, anthu anati mkazi uja watsiriza zomwe anayamba.

Pomwe ndinkakwera kuchokera kudambo kunali kutayera. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu ndi mapiki, chifukwa dothi linali louma gwa. Pamsewu anali atayala masamba mbali zonse ziwiri, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha. Kuseri kwa nyumba amayi anali atandanda mafuwa, utsi uli tolotolo, nyemba zili pamoto, ena akudula kabichi m'mabeseni. Mbuzi inali itapachikidwa kale pamtengo.

Ndikudutsa pamoto wina ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Mwaona mmene akhalira kumutu kwenikweni, ngati ankamukonda?" Anali asanandione. Ndinaika makheni pansi n'kumuuza kuti, "Sonkhezani moto, mayi. Nyemba sizipsa ndi miseche." Anawerama n'kuyamba kuuzira, ngakhale moto unali ukuyaka bwinobwino.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Anabwera pangolo, panjinga, wapansi, ndipo lole ina yonyamula mabelo a fodya inatsitsa gulu lonse la anyamata ndi atsikana a pa Kaluluma. Ndaona maliro ambiri m'dera lino, koma khamu lotere la mlimi wamba sindinalionepo. Ambiri sindinkawadziwa. Ena anabwera kudzalira munthu yemwe ankawaseketsa madzulo akaweruka kumunda, ndipo amenewo ndinawathokoza mumtima. Koma ena ankafika n'kuyamba kuloza chigafa, kuloza khonde, kukumbutsana zomwe zinachitikira pamenepo mufilimu. Atsikana ena ankalowa m'nyumba ngati akudzakhuza, n'kugwada pang'ono, maso akusakasaka, kenako n'kutuluka akugwedezana. Ankafuna kuona kuti mkaziyo ndi uti.

Cha m'ma kadzutsa mochedwa kunafika galimoto yoyera. Munatuluka mkulu wa kamera uja, ndi mtsikana yemwe anasewera namwino, atavala zakuda zosita bwino ndi magalasi akuda. Khamu linagwedezeka ngati chimanga pamphepo. Anthu anaimirira kuti amuone. Wina anathamanga kukatenga umodzi mwa mipando yomwe inatulutsidwa m'nyumba n'kuuika pamthunzi, pafupi ndi akuluakulu a mpingo. Mayi wina wokalamba anapita kukamugwira dzanja n'kumupepesa, monga timachitira ndi namfedwa. Mtsikanayo ankaoneka wosowa chochita ndi manja ake. Mkulu uja anatulutsa kamera n'kuyamba kuzungulira nayo pabwalo, akujambula amayi olira, akujambula moto.

Posakhalitsa amalume anandiitanitsa. Iwo ndiwo mwini mbumba yathu, mlongo wa malemu mayi athu. Si munthu woipa. Anatilera bambo atamwalira, ndipo mlongo wanga ankamukonda ngati mwana wobala okha. Koma filimu ija anaionera, ndipo anatuluka atakwiya kwambiri. Kwa iwo chinthu chomwe waona ndi maso ako sichinama.

Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza zomwe anagwirizana ndi akuluakulu ena. Alendo a ku Lilongwe alemekezedwe, chifukwa ndi amene anatchukitsa mwana wathu. Nkhata yoyamba aike mtsikana uja, ndipo mkulu wa kamera ajambule kuti akaphatikize kumapeto kwa chimbale chatsopano. Mkazi wa malemu asapite kumanda, atsale m'nyumba, kuopa kuti anyamata angamukuwize. Tikameta, abale ake amutenge. Ana awo awiri, onse aakazi, atsale, munda ndi chigafa zibwerere kubanja.

Ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinati, "Amalume, alamu anga apita kumanda, ndipo nkhata yoyamba aika ndi iwo."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitumbuka. "Iwe, za maliro sakonza akazi."

"Ndamva, amalume."

"Ndiye ukakhale pansi ndi anzako."

Ndinagwada, ndinawomba m'manja monga mwa ulemu, n'kuchoka. Sindinawalonjeze kanthu.

Itakwana nthawi yoona nkhope, anthu anandanda mzere wautali mpaka kumsewu. Mlongo wanga anagona atavala jekete lake la kutchalitchi, lomwe tsopano linali litamukulira. Anthu ankamuyang'ana iye pang'ono, n'kuyang'ana alamu nthawi yaitali. Alamu maso anali pabokosi basi. Ntchentche ikatera pagalasi la bokosilo ankaiingitsa ndi nsonga ya chitenje.

Bokosi analitulutsa panja, mwambo wa mapemphero n'kuyamba. Kunkatentha kwambiri. Amuna ankadzikupiza ndi zipewa, ana ankalira kumsana, ndipo kumpoto kunali mitambo yakuda yomwe inakhala ikutinamiza sabata yonseyo. Msuweni wathu anawerenga mbiri ya malemu. Anatchula sukulu, ulimi, kanyumba ka kanema, ndipo atafika pa filimu anachedwapo, anthu n'kumavomereza. Za mkazi anangoti malemu asiya mkazi ndi ana awiri. Mkulu wa mpingo analalikira mwachidule chifukwa cha dzuwa. Nthawi yonseyi alamu anali m'nyumba, monga amalume analamulira.

Amuna atanyamula bokosi, nyimbo yoperekeza itayamba, ndinalowa m'nyumba. Alamu anali atakhala pomwe paja, patsogolo pawo pali malo opanda kanthu pomwe panali bokosi. Ndinawagwira mkono n'kunena kuti, "Tiyeni." Anandiyang'ana. Akulu awo, omwe anakhala nawo pambali, ananena m'Chitumbuka kuti awauza kuti asatuluke. Ndinati ndamva, koma wogona m'bokosimo ndi mwamuna wawo. Alamu anamanga chitenje n'kuimirira. Akulu awo anagwira mkono winawo, ana awiri aja n'kutsatira pambuyo.

Titatulukira pakhomo nyimbo inatsika pang'ono, kenako n'kukweranso. Sitinapite kumbuyo kwa mzere. Tinadutsa pakati pa anthu mpaka tinafika kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, patsogolo pa akuluakulu, patsogolo pa alendo. Amalume anandiona. Pagulu sakanatha kundikoka, choncho anangolimbitsa ndodo yawo.

Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda. Mbali zonse mizere inali itapangidwa kale, yofiira, yopanda kanthu, ikudikira mvula. Fumbi la mapazi athu linkakwera n'kumatera pabokosi. Amuna ankalandizana bokosilo osaima. Tili pakati panjira, kumbuyo kunamveka mawu a mnyamata akukuwa kuti, "Nankhanza!" Ena anaseka, kuseka kwachidule. Alamu sanacheuke. Anapitiriza kuyenda mpaka tinalowa m'nkhalango ya kumanda.

Kumeneko kunali kamthunzi. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo anayamba kukwirira. Dothi louma linkagunda bokosi mwaphokoso mpaka mwana wamng'ono anatseka makutu. Amayi anaimba nyimbo zingapo. Adzukulu ataumba mtumbira n'kuusalaza ndi makasu, msuweni wathu anaimirira kuti aitane oika nkhata. Anayang'ana amalume, amalume n'kugwedeza mutu. Anaitana mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe.

Mtsikana uja anadzuka ndi nkhata yaikulu ya maluwa ogula, yokutidwa ndi pulasitiki. Mkulu wa kamera anabwera kutsogolo n'kugwada kuti ajambule bwino. Ine ndinasiya mkono wa alamu, ndinayenda, n'kukaima pakati pa mtsikanayo ndi mtumbira.

Ndinatembenukira kwa anthu.

"Pepani nonse," ndinatero. "Ndikudziwa kuti pano salankhula mkazi. Koma wagona apayu ndi mwana wa mayi anga, ndinamubereka kumsana ine. Ambiri mwabwera kudzaona Nankhanza. Si awa apa? Aoneni bwino. Mawu munamva mufilimu aja ndi awo ndithu, sindikana, ndinalipo tsiku lomwe anawalankhula. Anati, dzukani, m'nyumba mwanga simufera munthu waulesi. Inu munaonera mpaka pomwepo. Ine ndinaona zotsatira zake."

Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo kuti anditseke pakamwa. Anaimba mzere woyamba yekha. Amayi a mvano sanalandire. Ena mwa iwo ndi amene ankapita kukazonda mlongo wanga nthawi ija, ndipo anaona zomwe ine ndinaona, ngakhale zaka zonsezi anakhala chete. Anangoweramitsa mitu, nyimbo n'kufera m'kamwa mwa mkuluyo.

Ndinapitiriza. Ndinawauza kuti alamu akatha kukalipa ankapita kuseri kwa nyumba, n'kuluma chitenje kuti mwamuna wawo asamve kulira. Akatero ankapukuta kumaso n'kukachapa zofunda zomwe ife abale ake tinkaopa kuzigwira. Ndinawauza kuti tsiku lomwe ananena za munthu waulesi lija, anamukweza panjinga, anamumangirira ndi chitenje kuti asagwe, n'kumukankha mpaka kuchipatala, chifukwa iwo kupalasa sadziwa. Ndinawauza kuti chaka chimenecho anagona pamzere wa feteleza okha, analima okha, anathyola okha, ndipo fodya yemwe tinkasoka pomwe nkhani ija inkawerengedwa anali wa manja awo. Ndinati zonsezi mlongo wanga anazilemba, chimodzi ndi chimodzi, ndipo ndinazimva ndi makutu anga zisanapite ku Lilongwe.

"Namwino wa mawu okoma uja kulibe," ndinatero. "Sanabadwe, alibe kwawo. Anatuluka m'mutu mwa bambo agwada apawa, chifukwa ankafuna chimbale chigulidwe. Anatenga ntchito za mkazi mmodzi n'kuzitaya, anatenga mawu ake n'kuwasiya okha, ndiye inu mukuti mwaona chikondi chenicheni chifukwa wina wagwira mnzake dzanja pafupi ndi damu. Kugwira dzanja ndani sangathe? Mlongo wanga analakwa povomera. Ndinamuuza ali moyo, ndipo ndikubwereza pamutu pake pano. Chaka chino atadwalanso, namwino uja sanabwere. Anamutembenuza ndi awa, anamusambitsa ndi awa, anamutseka maso ndi awa."

Mkulu wa kamera anali atayamba kuitsitsa. Ndinamuuza kuti, "Ayi, jambulani, bambo. Koma izi musakadule."

Kenako ndinatembenukira kwa amalume. Ndinagwada, chifukwa ndi amalume anga. Ndinati, "Amalume, nyumba ija anaumba njerwa ndi awa. Sapita kulikonse. Wofuna kuwachotsa ayambe wachotsa ine."

Kumbuyo amuna ena ankang'ung'udza kuti izi n'zachilendo, mkazi kulalata kumanda. Mwina ankanena zoona. Amalume anatembenuka n'kuyamba kubwerera kumudzi okha, pang'onopang'ono, mwambo usanathe, ndipo amuna angapo anawatsatira.

Mtsikana uja anali ataimabe ndi nkhata yake. Anavula magalasi. Ndinaona kuti ndi mwana ndithu, wosiyana pang'ono ndi mwana wanga woyamba. Ananena motsitsa kuti, "Pepani, mayi. Ine ndinangopatsidwa mawu oti ndinene." Ndinati ndikudziwa. Anabwerera m'mbuyo n'kukaima pakati pa anthu.

Msuweni wathu sanaitanenso dzina lililonse. Alamu anayenda okha, wopanda wowagwira. Nkhata yawo inali yaing'ono, yomwe ana awo analuka ndi maluwa ofiira a pampanda wa kusukulu, ndipo inali itayamba kale kufota ndi dzuwa. Anagwada, anaiika kumutu, anaikonza kuti ikhale bwino, n'kukhala pomwepo kanthawi dzanja lili padothi. Palibe anakuwa. Atadzuka, ana anaika zawo, kenako ine, kenako ena onse. Mtsikana uja anaika pomalizira penipeni.

Pobwerera anthu sanayende pamzere. Ankayenda timagulu, akukambirana motsitsa. Sindinganene kuti onse anasintha maganizo. Ena ankandilambalala, ena ankandigwira dzanja. Mayi uja wa pamoto wa nyemba anandibweretsera madzi osamba m'manja, maso ali pansi. Anthu anadya m'magulu pansi pa mitengo, adzukulu analandira gawo lawo, ndipo lole ija inaliza hutala kuitana anthu ake. Galimoto yoyera inanyamuka osatsanzika. Zomwe mkulu uja anachita ndi zimene anajambula sindikudziwa, ndipo chimbale chatsopano sindinachionepo.

Mitambo ija inafika pamwamba pathu chakumadzulo, inagwetsa timadontho tongonunkhitsa fumbi, n'kupitirira. Amayi anatsuka miphika yobwereka n'kuisenza kubwerera nayo kwawo. Amalume anatumiza uthenga woti banja lonse likumane mawa lake m'mawa.

Dzuwa likulowa, nyumba inali itatsala ndi ife tokha. Mipando inabwezedwa pabalaza koma osati m'malo mwake, ndipo chipindacho chinkaoneka ngati cha eni ake ena. Ana anali atagona pamphasa osavula n'komwe. Abale a alamu anakhala pakhonde akulankhula Chitumbuka chapansipansi. Panja mafuwa anali adakali m'mizere, phulusa likufuka pang'ono.

Ndinawapititsira alamu tiyi. Anamwa pang'ono n'kuika kapu pansi. Kenako anati, "Mwandiyalutsa, mulamu."

Ndinadabwa. Ndinafunsa kuti ndi chiyani.

"Zolira kuseri kwa nyumba zija. Sindinkafuna anthu adziwe. Iyenso ndinamuuza kuti asazilembe, koma samamva."

Ndinapepesa. Anagwedeza mutu, osaonetsa ngati alandira kapena ayi. Anayang'ana chitseko cha kuchipinda, chomwe chinali chotsegula, bedi likuoneka lopanda zofunda.

"Nanga tsopano ndizikalipira ndani?" anatero.

Ndinati, "Mawa amalume akubwera. Muyambire pa iwo."

Anaseka kamodzi, ndi m'mphuno, n'kuphimba kumaso ndi manja onse awiri. Ndinawasiya choncho. Ndinatenga mphasa yanga m'khitchini, ndinaiyala mopingasa pakhomo, n'kugona pomwepo.